Lamulo Lobwera Makhadi Atagwa Kale

Mkangano wa pa makhadi uli ndi nthawi yake yobadwira. Subwera anthu akamakoka mipando, subweranso wogawa akamasakaniza makhadi. Umadikira kuti ndalama ziunjikane pakati pa tebulo, makhadi atembenuzidwe, aliyense aone amene wadya ndi amene wadyedwa. Apo m'pamene wina amakumbukira kuti kwawo satero, winanso n'kukumbukira kuti mwezi watha tinagwirizana zina. Kawirikawiri onse awiri sakunama. Amakumbukiradi, kungoti mutu wa munthu umathamangira lamulo limene likumukomera, pamene lomupweteka lija limafika mochedwa ngati basi ya kumudzi.

Funso limene ndikufuna kulisinkhasinkha ndi ili: anthu odziwana akamasewera poker m'nyumba ya mnzawo, popanda woweruza wolembedwa ntchito, n'kusemphana pa lamulo ndalama zili kale pakati, chilungamo chimafuna chiyani? Likuoneka ngati funso lachibwana. Koma ndaonapo anthu amene ananyamulira limodzi bokosi la maliro akusiya kupatsana moni chifukwa cha madola atatu, ndipo sindikhulupirira kuti nkhani inali madolawo.

Matebulo amene ndikunena ndi a m'matauni a migodi m'chigawo cha Midlands ku Zimbabwe, kumene ndinakulira: Zvishavane, Shurugwi, Kwekwe, Redcliff. Ambiri a ife olankhula Chichewa kuno ndife zidzukulu za matchona, amuna amene anachoka ku Nyasaland, kum'mawa kwa Northern Rhodesia ndi ku Tete kudzakumba asbestos ku Shabanie, chrome ku Selukwe, golide ku Globe and Phoenix, kapena kudzasungunula chitsulo ku Redcliff. Anabwera ndi bawo, beni ndi gule wamkulu. Ng'anjo za Ziscosteel zinazima mu 2008, mgodi wa Shabanie unagwa m'zaka zomwezo, koma nyumba za ku Torwood ndi ku Maglas zidakali ndi anthu. Platinamu wa ku Mimosa ndi ku Unki wapatsa ena malipiro a mwezi ndi mwezi. Choncho pa tebulo limodzi pamatha kukhala mnyamata wolandira madola a ku America, bambo wachikulire amene penshoni yake inasungunuka, ndi wina wokumba golide payekha, amene lero ali nazo mawa alibe. Dola ndi imodzi, koma kulemera kwake n'kosiyana m'matumba atatuwo. Aliyense woweruza mkangano wa pa tebulo lotere akaiwala zimenezi, waweruza masewera ena, osati awa.

Ndisiyanitse kaye. Pali njuga ya kuseri kwa mashopu ndi ya kumaenje a golide, kumene anthu osadziwana amatchovera thukuta la sabata yonse. Imeneyo si nkhani yanga. Ine ndikunena za Loweruka madzulo m'chipinda chochezera, zitsekerero za mabotolo zikuimira ndalama, munthu akadyedwa kwambiri n'kutaya madola asanu. Amayi anga, a Chigwirizano mumpingo wa CCAP, kusiyanitsa kumeneku sakuvomereza. Kwa iwo khadi ndi khadi, ndipo pa mfundo imeneyi amagwirizana bwino ndi anansi athu achiyao a kumzikiti. Mkangano umenewo ndi wa tsiku lina. Anthu akusewerabe, ndipo akukanganabe.

Poker ndi mlendo pakati pathu. Yafika kudzera pa mafoni ndi pa wailesi ya kanema, makamaka ya mtundu wa Texas hold'em: aliyense amalandira makhadi awiri obisa, ena asanu amayalidwa poyera pakati, ndipo wopambana ndi amene angapange asanu amphamvu kwambiri mwa asanu ndi awiriwo. Koma mlendoyu anapeza mwininyumba, Crazy Eights, masewera amene mwana aliyense wa m'Zimbabwe amakula nawo. Crazy Eights ilibe malamulo amodzi. Pakhomo pano 2 akaponyedwa pa 2 mnzake chilango chimaunjikana, pakhomo linalo ayi. Apa joker amatolesa asanu, apo amachotsedwa m'makhadi masewera asanayambe. Pafupifupi paliponse, ukatsala ndi khadi limodzi osalengeza, ulangidwa. Tinakula tikudziwa kuti lamulo limasintha ukangodutsa mpanda, ndiponso kuti pakamwa pamamanga munthu. Nzeru ziwirizi tinalowa nazo mu poker, ndipo mikangano yambiri imachokera pomwepo.

Nayi imodzi imene ndinaiona. Magetsi atazima, monga mwa nthawi zonse, anthu asanu akusewera ndi kuwala kwa kandulo. Kwatsala awiri: bambo wachikulire amene anathera unyamata wawo pansi pa mgodi, maso ayamba kuchita chidima, ndi mwana wa mlongo wawo, wogwira ntchito ku platinamu. Akuluwo anayala makhadi awo poyera n'kunena kuti ali ndi ma 9 awiri ndi ma 4 awiri. Mnyamatayo anali ndi ma 7 atatu, omwe amaposa awiriawiri, ndipo anayamba kukokera ndalama kwake. Mkulu wake, amene anali atataya kale makhadi ulendo umenewo, anamugwira dzanja.

"Dikira kaye, mphwanga. Amalume, taonetsetsani, muli ndi mitima isanu apa."

Zinalidi choncho. Makhadi awiri a akuluwo onse anali a mitima, pakati panali mitima ina itatu, ndipo asanu a mtundu umodzi amaposa atatu ofanana.

"Achimwene, inu munatuluka kale, musalowerere," anatero mnyamatayo. "Amalume anena okha zimene ali nazo. Pakhomo pano mawu ndi mawu."

Amalumewo anayang'ana makhadi nthawi yaitali, kenako anakankhira ndalama kwa mnyamatayo. "Musiyeni atenge. Ndi mwana." Aliyense anapuma, poganiza kuti nkhani yatha mwaulemu. Ine ndinaona kuti palibe chimene chinatha. Mnyamatayo analandira ndalama pamodzi ndi chipongwe chofatsa, akuluwo anataya ndalama zawo zenizeni kuti asaoneke olimbana ndi mwana, ndipo lamulo linatsala pomwe linali, likudikira Loweruka lotsatira.

Munthu wa masiku ano anganene kuti yankho linali m'thumba: tulutsani foni. Ndipo pa nkhani iyi foni ikanayankha momveka. M'malamulo amene amatsatidwa m'nyumba za poker, monga amene anasonkhanitsa Bob Ciaffone m'buku la Robert's Rules of Poker, makhadi oyalidwa poyera ndiwo amalankhula, osati mwini wake. Ndipo aliyense wa pa tebulo akaona kuti ndalama zikupita kolakwika ali ndi udindo wonena. Mnyamatayo anali ndi theka la choonadi: m'malamulo omwewo, mawu amamangadi munthu, koma pa kubetcha. Ukanena kuti ukuwonjezera, sungabweze. Ukalakwitsa kuwerenga makhadi ako, makhadiwo amakuwombola.

Komabe foni sithetsa funso langa, imangolisuntha. Chifukwa mnyamatayo akanatha kufunsa, ndipo akanafunsa bwino: ndani anagwirizana kuti m'nyumba muno tikutsata buku la ku America? Buku lili ndi mphamvu pa anthu amene analivomereza asanayambe. Kulitulutsa makhadi atagwa kale n'chimodzimodzi kuitana mboni imene wayamba waifunsa kuseri zimene ikanene. Ndaonanso mmene anthu amafunsira pa intaneti pa nthawi yotere: aliyense amalemba funso mopendekera kwake, ndipo aliyense amapeza tsamba lomuvomereza.

Angerezi akafuna kunena kuti chinthu chachitika motsata malamulo enieni amatchula dzina la Hoyle. Edmond Hoyle anasindikiza kabuku kake ka masewera a whist mu 1742 ndipo anamwalira mu 1769, poker isanabadwe. Komabe mpaka lero pali mabuku a malamulo a poker onyamula dzina lake. Zimandisangalatsa zimenezi, chifukwa zikuonetsa njala imene anthu ali nayo ya kholo lakutali, losakondera, loti likalankhula tonse tikhale chete, ngakhale kholo lija silinaonepo masewera athu. Koma akatswiri enieni amadziwa kuti kholo lotere kulibe. Bungwe la oyendetsa mipikisano ya poker, Tournament Directors Association, limene linayamba mu 2001, lili ndi malamulo ambirimbiri, koma loyambirira lenileni limapereka mphamvu kwa munthu woyang'anira kuti pa zochitika zachilendo aike chilungamo ndi ubwino wa masewera patsogolo pa chilembo cha lamulo. Buku lokhuthalalo limayamba ndi kuvomera kuti silikwanira.

H. L. A. Hart, m'buku lake la The Concept of Law la mu 1961, anafotokoza chifukwa chake. Lamulo lililonse lili ndi pakati pomveka ndi m'mphepete mosamveka, popeza olipanga sangaoneretu zonse zimene zidzachitike. Khadi likagwa pansi pa tebulo galu n'kuliponda, likaoneka kwa anthu awiri mwa asanu, tichite chiyani? Kandulo ikazima wina ali pakati pa kubetcha? Mungalembe malamulo usiku wonse, m'mawa mudzapeza mpata wina. Ndiye pamafunika munthu.

Munthu wake ndani? Kwathu yankho limabwera lokha: mwininyumba, kapena wamkulu. Sindikufuna kulinyoza yankho limeneli monga amachitira ena amene anapita kusukulu. Lili ndi nzeru yake. Mwininyumba ndi amene adzatsale ndi zotsatira za mkangano. Mipando ndi yake, ana amene akugona kuchipinda ndi ake. Wamkulu waona mikangano yambiri ndipo amadziwa kuti wina akukuwa chifukwa cha makhadi, wina akukuwa chifukwa kunyumba kulibe ufa. Bwalo la kwathu silinkafuna kungopeza wolakwa, linkafuna kuti anthu akatuluka akathe kupemphana moto. Tebulo la abwenzi likufanana ndi bwalo kuposa khoti.

Vuto n'lakuti pa tebulo la makhadi wamkulu naye ali ndi makhadi m'manja. Nyakwawa siweruza mlandu wa munda umene ikulimbirana yokha. Ndipo ulemu, ukasiyidwa wopanda malire, umasanduka msonkho umene achinyamata amapereka Loweruka lililonse, kapena, monga zinachitikira amalume aja, msonkho umene akulu amapereka kuti asachite manyazi. Hart yemweyo anapereka chitsanzo cha wowerengera zigoli: mawu ake ndi omaliza, inde, koma sizitanthauza kuti sangalakwe, ndipo masewera amene chigoli ndi chilichonse chimene iye wanena asanduka masewera ena. Ndikudziwa nyumba ina kumene mwininyumba sanagonjepo pa mkangano uliwonse wa malamulo. Anthu sanakangane naye. Anangoyamba kukhala otanganidwa Loweruka.

Ntchito yanga ndi yomasulira, ndipo mawu akuti lamulo amandivutitsa nthawi zonse. M'Chichewa amachokera ku kulamula, ntchito ya mfumu, ya bwana, ya kapitawo. Koma anzathu olankhula Chindebele, amene timakhala nawo ku Gweru ndi ku Kwekwe, akati ukulamula amatanthauza kulowa pakati pa anthu omenyana n'kuwaleretsa. Muzu ndi umodzi, nthambi zinapita kosiyana. Woweruza wa pa tebulo la abwenzi ayenera kukhala wolamula wa Chindebele. Ndipo chimene timachitcha lamulo la masewera, kunena zoona, si lamulo m'lingaliro la Chichewa. Palibe anatilamula kuti mitima isanu ipose ma 7 atatu. Ndi pangano. Tinalowamo tokha, ndipo mphamvu yake yonse ili pa kuvomera kwathu. Ichi n'chifukwa chake nthawi ili yofunika chotere: pangano limapangidwa zinthu zisanachitike. Lopangidwa pambuyo lili ndi dzina lina.

Ife a m'makomboni dzina limenelo timalidziwa, ngakhale sitilitchula. Charles van Onselen, m'buku lake la Chibaro la mu 1976, lonena za ogwira ntchito m'migodi ya Southern Rhodesia kuyambira 1900 mpaka 1933, akufotokoza moyo wa pansi pa tikiti. Munthu sankalipidwa pa mwezi wa pa kalendala koma akakwanitsa masiku 30 olembedwa pa tikiti yake, ndipo woyang'anira akaona kuti ntchito ya tsikulo sinakwane, tsikulo silinkalembedwa. Thukuta latuluka kale, dzuwa lalowa kale, ndiye wina akugamula ngati tsikulo linali tsiku. Agogo athu ankasewera masewera amene wowerengera zigoli analinso mwini mgodi.

Za makolo athu n'zaposachedwa. Mu 2001 boma la Zimbabwe linasintha lamulo la unzika, n'kupereka miyezi isanu ndi umodzi, mpaka Januwale 2002, kuti aliyense wokhala ndi unzika wa dziko lina aukane motsata malamulo a dzikolo, apo ayi ataya wa Zimbabwe. Ofesi ya kalembera wamkulu, pansi pa Tobaiwa Mudede, inalitanthauzira mokuza, n'kukhudza ngakhale anthu obadwira muno amene anangokhala ndi kholo lobadwira kunja. Anthu amene sanapondepo ku Dedza kapena ku Mangochi anauzidwa kuti akane dziko limene sanalionepo. Ambiri a m'migodi ndi m'mafamu sanamve n'komwe nthawi isanathe. Chisankho cha pulezidenti chinali mu Malichi 2002, ndipo ambiri mwa iwo sanaponye voti. Malamulo aakulu a dziko a mu 2013, pa ndime 43, anabwezera unzika kwa obadwira muno amene kholo lawo linachokera m'dziko la SADC, koma zaka zoposa khumi zinali zitapita, ndipo ena adakali ndi zitupa zowatcha alendo.

Sindikunena kuti madola atatu a pa tebulo ndi ofanana ndi unzika. Kungakhale kupeputsa masautso a anthu. Ndikunena kuti cholakwacho chili ndi maonekedwe amodzi, chachikulu ndi chaching'ono chomwe: moyo wako wauika kale pakati, makhadi ako aoneka, ndiye wina amene wawaona akulengeza mmene awerengedwere. Ndikaona bambo wofatsa akunjenjemera milomo chifukwa cha lamulo lotulukira mwadzidzidzi la joker, sindifulumira kunena kuti akukokomeza.

Pali chinthu china chimene chimapangitsa poker kukhala yovuta kuposa bawo. Pa bawo zonse zili poyera; ukabera, wabera ndi zala. Poker ndi masewera amene kunamiza n'kololedwa, ndipo ndiwo mtima wake. Umabetcha kwambiri uli ndi makhadi opanda pake kuti mnzako aope, umadzionetsa wofooka uli ndi amphamvu kuti alowe mumsampha. Munthu woona mtima pa zonse sangasewere. Ndiye ena amaganiza kuti popeza bodza lalowa kale pakhomo, lingathe kukhala paliponse m'nyumba. Apa m'pamene ndimaika mzere wanga, ndipo ndimauika molimba. Ungandinamize za makhadi ako, chifukwa ndinavomera kunamizidwa za makhadi pamene ndinakhala pansi. Sungandinamize za pangano, chifukwa panganolo ndi limene linapereka chilolezo cha bodza linalo. Wonama za lamulo akudula nthambi imene tonse takhalapo, iye yemwe ali pomwepo.

Johan Huizinga, m'buku la Homo Ludens la mu 1938, anaona kuti anthu amakhululukira wobera msanga kuposa wosokoneza masewera, chifukwa woberayo amanamizirabe kuti akulemekeza masewerawo, pamene wosokoneza amagubuduza tebulo n'kuonetsa kuti zonse zinali zongopanga. Ine ndingawonjezere munthu wachitatu, amene ndimamuopa kuposa awiriwo: wodziwa malamulo amene amawasunga m'thumba ngati mpeni. Amaona mlendo akuponya zitsekerero zake kawiri, koyamba zochepa kenako zowonjezera, zimene m'malamulo a poker n'zoletsedwa. Sanena kanthu ulendo woyamba, wachiwiri, wachitatu. Amadikira ulendo umene ndalama zachuluka ndipo lamulolo limupindulira. Zonse zimene akunena n'zoona. Buku lili kumbali yake. Koma lamulo limene unaliona likuphwanyidwa katatu uli chete, walikwirira wekha. Sungalifukule tsiku limene wamva njala.

John Rawls, mu A Theory of Justice ya mu 1971, anapempha owerenga kuti aganizire anthu osankha malamulo a dziko asakudziwa kuti iwo adzakhala ndani m'dzikomo, olemera kapena osauka, amphamvu kapena ofooka. Otsutsa ake anati munthu wotere kulibe, ndipo m'moyo weniweni kulibedi. Koma pa tebulo la makhadi alipo. Kwa mphindi imodzi kapena ziwiri, makhadi ali chafufumimba, palibe akudziwa ngati lamulo la mitima isanu lidzamudyetsa kapena kumudya. Umbuli umenewo ndi chuma, ndipo timauwononga pokamba za mpira. Mafunso amene angayankhidwe mwamtendere pa mphindi imeneyo, kuti A amawerengedwa pansi ndi pamwamba pomwe kapena ayi, kuti makhadi akafanana timagawana kapena mtundu wina umaposa unzake, kuti munthu angatulutse ndalama zina m'thumba ulendo uli pakati, amasanduka milandu ikangodutsa mphindiyo.

Ikadutsa, chotsala n'kuyesa kuubweza umbuliwo mwa njira ina. Njira yabwino imene ndaiona ndi yoitana munthu amene sanaone makhadi, n'kumufotokozera nkhani popanda maina: wina ali ndi zakuti, wina zakuti, zachitika zakuti. Kawirikawiri woitanidwayo amakhala mayi wa pakhomopo, amene masewerawo amadana nawo, ndipo chigamulo chawo chimadziwika asanayankhule: bwezeranani ndalama mukagone. Anthu amaseka, koma pa mikangano ina chigamulo chimenechi n'cholondola ndithu. Ngati palibe amene anauzidwa, ngati nkhaniyo sinachitikepo pa tebulo limeneli, ndiye kuti awiriwo amasewera masewera awiri osiyana osadziwa, ndipo palibe amene anapambana mnzake. Aliyense atenge zake, lamulo likhazikitsidwe pomwepo mokweza, makhadi agawidwenso.

Ndikudziwa chotsutsa chake, ndipo n'champhamvu. Kubwezerana kukakhala chizolowezi, wodyedwa aliyense aphunzira kuti mkangano ndi khomo lothawira. Amene anasewera bwino, amene anapirira mantha n'kuika ndalama zake, alandidwa chipambano chake ndi phokoso chabe. Mtendere wotere umalipiridwa ndi munthu mmodzi, wofatsa uja. Choncho kubwezerana kuyenera kukhala kwa mpata weniweni wokha, ndipo mpata weniweni umadziwika ndi mafunso awiri. Loyamba: zinachitikapo kale, ndipo tinachita chiyani? Zimene tinachita mwezi watha zikutimanga lero, ngakhale zikhale zosemphana ndi buku. Lachiwiri ndi lofunsa wodandaulayo maso ndi maso: mukanakhala ndi makhadi a mnzanuyu, mukananena zomwezi? Funsoli silikakamiza munthu kunena zoona, koma pakati pa anthu amene anakulira limodzi nkhope imayankha pakamwa pasanatseguke.

Pa nkhani ya amalume aja, mafunso awiriwa akanapereka ndalama kwa akuluwo. Pa tebulo limenelo anthu anali atathandizanapo kale kuwerenga makhadi, mnyamatayo naye anathandizidwapo ali wophunzira. Lamulo la mawu ndi mawu analibwereka ku Crazy Eights usiku womwewo. Ndipo pali chifukwa china chozama. Poker imayesa kulimba mtima, kuwerengera ndi kudziwa anthu. Siyesa maso. Kudya munthu chifukwa fumbi la mgodi ndi zaka zamufooketsa maso, pa kuwala kwa kandulo kumene mtima ndi dayamondi zonse zimangooneka zofiira, n'kupambana mpikisano umene palibe anagwirizana kuti tichite.

Mlendo ali ndi nkhani yakeyake. Amabwera msuweni wochokera ku Johannesburg kapena ku Lilongwe pa Khirisimasi, amakhala pansi, amasewera monga amadziwira, ndiye pa ulendo waukulu amauzidwa kuti pano sititero. Akuti kwa eni kulibe mkuwe, ndipo mlendoyo nthawi zambiri amangomeza. Ine ndimati udindo wonena unali wa eni nyumba. Lamulo la pakhomo n'lovomerezeka, ngakhale likhale lachilendo chotani, koma limayamba kumanga munthu pamene walimva. Ulendo woyamba mlendo akagwa m'dzenje limene sanauzidwe, abwezeredwe zake. Kachiwiri ndi zake zimenezo. Zidzukulu za anthu amene anataya unzika chifukwa cha chidziwitso chimene sichinafike kukomboni siziyenera kuvutika kumvetsa mfundo imeneyi.

Ena amakana kulemba malamulo, akuti pepala limaononga chibale, tikhala ngati sitikhulupirirana. Ndimawakumbutsa za mabungwe a maliro amene agogo athu anayambitsa m'migodi muno. Anali anthu okondana kufikira kusambitsana mitembo, koma anali ndi buku, mlembi ndi msungichuma, ndipo zopereka ndi zolandira zinkalembedwa. Ankadziwa kuti tsiku la maliro si tsiku loyamba kukambirana kuti mwana wa mlamu amawerengedwa kapena ayi. Tsamba limodzi la kope, lomatidwa mkati mwa bokosi la makhadi, lowonjezeredwa mzere umodzi mkangano uliwonse ukatha, silinaphepo chibale. Tebulo lina ku Mbizo lili ndi tsamba lotere, ndipo kuliwerenga kuli ngati kuwerenga mbiri ya ubwenzi wawo: mzere uliwonse ndi usiku umene anatsala pang'ono kudana.

Mzere wautali kwambiri pa tsambalo sunena za makhadi. Umanena za ngongole. M'dziko lino funso lakuti munthu ali ndi ngongole ya zingati silikwanira popanda kufunsa kuti ya ndalama iti. Mu Febuluwale 2019 boma linalamula, kudzera mu Statutory Instrument 33, kuti ngongole zambiri zimene zinali m'madola a ku America ziwerengedwe m'madola a RTGS, imodzi kwa imodzi, ndipo mu Januwale 2020 khoti la Supreme, pa mlandu wa Zambezi Gas ndi N. R. Barber, linavomereza zimenezo, dola ya RTGS itagwa kale kwambiri. Mu Epulo 2024 kunabwera ZiG, ndipo mu Seputembala chaka chomwecho mtengo wake wa boma unasuntha tsiku limodzi kuchoka pa pafupifupi 14 kufika pa 24 pa dola imodzi. Munthu amene anadyedwa madola anayi Loweruka, n'kulonjeza kutumiza pa EcoCash Lachisanu, angathe kubweza ndalama yolondola pa pepala koma yoperewera kumsika, ndipo onse awiri adzakhala ndi mtengo wosinthira umene akuukhulupirira, wina wa kubanki, wina wa pamsewu. Anzanga a ku Mbizo anakangana za zimenezi miyezi iwiri. Mzere umene analemba pomaliza umati ngongole ya pa tebulo imabwezedwa mu ndalama imene inabwerekedwa, ya pepala, pamanja, makhadi a Loweruka lotsatira asanagawidwe, ndipo dola yong'ambika imene wa pashopu angaikane, pa tebulo ikanidwanso.